Mabisiketi a ku Halale

Ababa anga anamwalira akukhulupirira kuti mwana wawo ndi woumira. Abale anga ena mpaka lero amatero, ndipo ine sindiwatsutsa. Nkhani yake inayambira m'khitchini ya mzungu ku Halale, pa mbale yoyera ya mkombero wabuluu.

Ababa anali mwazini wa mzikiti wa kwathu ku Lungwena, munthu woitanira anthu ku swala kasanu pa tsiku. Mawu awo ankafika mpaka kwa asodzi ali pamadzi. Pa nkhani ya chakudya anali ovuta zedi. Ankakonda kunena kuti pakamwa potchulira dzina la Mulungu si padzala poti n'kumatayapo chilichonse.

Ndikuuzeni za bwato kuti muwadziwe bwino. Ine ndili mwana, ababa anali ndi bwato labwino la mbawa. Munthu wina wa ku Malindi analibwereka kuti akaonjole ukonde, koma pobwerera ananyamuliramo nguluwe imene anzake anapha m'mabango. Ababa atamva anatsuka bwatolo ndi mchenga kasanu ndi kawiri. Atamaliza analiyang'ana, analikokera kumtunda, basi osalikweranso. Linaolera pomwepo, ife tikudya masamba okhaokha chaka chathunthu. Shehe anawauza kuti bwatolo layera, iwo anangoti, "Layera kwa inu, a Shehe. Ine ndikumvabe fungo."

Ndinachoka kumudzi nditangokwatira, mkazi wanga Abiti Juma ali woyembekezera. Anzanga ankapita ku migodi ya ku Joni, koma ine olemba anthu aja atandikweza pa sikelo anangoseka, amvekere bwerera ukayambe wadya. Ndiye ndinaganiza zopita ndekha ku Halale, kumene anthu a kwathu ankatchuka ndi ntchito yophikira azungu. Tsiku lonyamuka ababa anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinkayembekeza kuti andilangiza za akazi a m'tauni kapena za mowa, koma ayi.

"Kumene ukupitako kuli zakudya zambiri," anatero. "Usanaike kanthu m'kamwa, yamba wafunsa. Safunsa anadya phula."

"Ndamva, ababa."

"Wamva ndi makutu. Ukamvenso ndi mimba."

Za ulendo sindinena zambiri. Lole mpaka Blantyre, lole ina mpaka Tete, pantoni pa Zambezi, kenako fumbi lokhalokha. Ndinafika nsapato imodzi itabooka pansi, m'thumba muli chitupa chimene wapolisi aliyense ankafuna kuchiona ngati ndi chithunzi cha mlongo wake.

Amene ananditola ndi a Banaba. Anali khuki wamkulu panyumba ya mzungu wina wa ntchito za njanji, munthu wa ku Malindi, Mkhristu wa pa mishoni, wamimba yake ndithu, wokonda kuimba nyimbo za kutchalitchi akutsuka mapoto. Atamva kuti ndine wa ku Lungwena anawomba m'manja, akuti Mulungu wawatumizira munthu womudziwa chambo. Anandipemphera malo kwa dona, mkazi wa mzunguyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditcha a Shehe chifukwa cha kachipewa kanga ndi mafunso anga. Nyama iliyonse yolowa m'nyumbamo ndinkafunsa kuti ndi ya chiyani, wazinga ndani. Anatopa nane, mpaka tinagawana ntchito. Chilichonse cha nkhumba ankagwira okha, ndi chiwaya chake chapadera chimene chinkakhala pansi pa sinki. Ine ndinkagwira ndiwo zamasamba, buledi, nsomba ndi mbale.

Tinkagona kanyumba ka kuseri, kachipinda kamodzi, mabedi awiri achitsulo. Mwezi wa Juni kuzizira kwake kunkalowa m'mafupa. Eni dziko ankatitcha Manyasalandi, azungu ankatiitana ndi belu, ndipo belulo silinkadziwa kuti munthu ali pakati pa swala. Koma tinkakhala. Mwezi wa Ramadhani ine nditamanga, osadya masana, a Banaba ndiwo ankandilawira mchere mu supu. Lolemba lililonse iwo mutu ukuwawa chifukwa cha za Lamulungu, ine ndinkauza dona kuti ndi malungo. Dona ankadabwa ndi malungo odziwa masiku.

Mabisiketi anandiphunzitsa chaka changa chachiwiri, zala zawo zitayamba kuvuta ndi nyamakazi.

"Sambani ndi madzi ozizira, a Shehe," anatero. "Manja otentha amapha bisiketi."

Ufa wa tirigu makapu atatu, shuga kapu imodzi, mchere wongotsina, soda pang'ono. Kenako mafuta. Mafutawo ankakhala m'firiji, m'mbale yoyera ija, ali mbee, olimba pang'ono. Dona ankabwera nawo kuchokera m'tauni atakulungidwa m'pepala, m'dengu lomwelo la tiyi ndi shuga, ife n'kuwakhuthulira m'mbalemo. Analibe magazi, analibe fupa, analibe chikopa. Ndinawaika gulu limodzi ndi majarini, ndipo munthu wa mafunso ine, pa mafuta amenewa sindinafunse.

Umawafikisa mu ufa ndi nsonga za zala mpaka ufawo ukhale ngati mchenga wonyowa pang'ono. Dzira limodzi, mkaka masupuni awiri. Pamenepo ine ndinayamba kukanda ndi mphamvu zanga zonse, a Banaba n'kundimenya padzanja ndi supuni.

"Iii, mukuchapa bulangeti? Uyu si buledi. Ingosonkhanitsani, musiyeni apume."

Ukausiya pozizira kanthawi, umauyala patebulo ndi botolo lopanda kanthu, n'kumadula ndi kukamwa kwa tambula, n'kubaya ndi foloko kawiri pakati. Mu uvuni sachedwa. A Banaba ankati bisiketi sumudikira kuti ade, mphepete ikangosintha mtundu tulutsa, amalimba yekha akamazizira. Oyamba ndinawapsereza, galu wa bwana yemwe anawanunkhiza n'kuchokapo. Achitatu anatuluka bwino. Ukaika limodzi palilime silinkafuna mano, linkangofumbutuka lokha n'kusungunuka.

Chinsinsi chake n'chakuti ufa wokandawo ndi umodzi, chimene umasintha ndi kothiramo. Bwana ankakonda a jinja. Dona ankafuna a khungu la ndimu lopalapala. Ana awo ankalirira omata awiri ndi jamu pakati. Ine ndinayambitsa anga a mtedza wokazinga wosinjasinja, kenako a chitowe, ndipo a chitowewo dona ankapita nawo ku tiyi wa amayi anzake n'kumakanena kuti waphika yekha. Sindinkadandaula, poti chifukwa cha bodza limenelo anandilola kumaphika chitini chimodzi pa chaka chotumiza kwathu.

Chitinicho chinali cha tiyi, chachikulu. Ndinkayala pepala pakati pa mizere ya mabisiketi, n'kuchisokera m'nsalu, n'kupatsira aliyense wa kwathu amene akubwerera. Ena ankatumiza mabulangeti ndi mawayilesi. Inenso zina ndinkatumiza, koma chimene chinatchuka ku Lungwena ndi chitinicho. Kaya chifike mwezi uti, ababa sankachitsegula. Ankachipachika kudenga mpaka tsiku la Idi. Swala ikatha ankakhala pakhonde la mzikiti, n'kudula ulusi anthu onse akuona. Loyamba linali la shehe, kenako akuluakulu, ana n'kumawagawira mobenthula. Zimenezi ankandiuza ndi anthu obwera kuchokera kumudzi, komanso makalata amene mphunzitsi wina ankawalembera.

Kalata ina ndimaikumbukira. Inati: "Mabisiketi a m'sitolo sindidya chifukwa sindidziwa manja amene anawagwira. Awa ndikudya ndi mtima woyera poti waphika ndi mwana wanga, Msilamu. Ndi chakudya cha azungu koma chahalali." Ndinawerengetsa kalatayo katatu, ndinanyada kwambiri.

Zinayenda choncho ma Idi asanu.

Kenako katundu anayamba kusowa m'masitolo, poti maiko ena anali atasiya kuchita malonda ndi dzikolo. Pafupi ndi Khirisimasi mlamu wake wa bwana, amene anali ndi famu, anabwera ndi theka la nkhumba kumbuyo kwa galimoto. Ine monga mwa masiku onse ndinatuluka, n'kukakhala pakhomo la khitchini ndikusenda mbatata. A Banaba anadula nyama, mafuta anawaika padera, anawaduladula n'kuwateleka pamoto wochepa m'chiwaya chawo chija. Atasungunuka anawasefa ndi nsalu. Ndiye ndinaona akutsegula firiji, akutenga mbale yoyera ya mkombero wabuluu, imene inali itatha mafuta sabata imeneyo, n'kukhuthuliramo.

Ndinaganiza kuti mkuluyu wasokoneza mbale, ndidzaitsuka ndi mchenga. Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinatsegula firiji kuti nditenge mkaka. Mafuta aja anali atagwirana, ali mbee. Ndinaweramira n'kununkhiza. Fungo lake ndinkalidziwa ngati fungo la m'manja mwanga.

"A Banaba, mbale iyi mwathiramo zimenezi bwanji?"

"Ndi mbale yake."

"Mbale yake bwanji? Iyi ndi ya mafuta a mabisiketi."

"Eya, ndi omwewa. Kungoti lero tapanga tokha." Ankayankha akunola mpeni, osandiyang'ana. Kenako dzanja linaima. Anaika mpeniwo patebulo pang'onopang'ono. "Mayo ine," anatero. "A Shehe. Mphwanga. Ine m'mutu mwangamu nkhumba ndi nyama. Za mafutawa sindinaganizepo ngakhale tsiku limodzi."

Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimawakhulupirira. Munthu amene anandibisira chiwaya pansi pa sinki zaka zonsezo sakanandichita chipongwe dala. Koma tsiku limenelo ndinawatukwana, mawu ake sindingawabwereze. Ndinapita kuseri kwa kanyumba kathu n'kusanza mpaka kutuluka ndulu. Za ine mwini sizinandiopse kwambiri. Chimene chinandigwira ndi khonde la mzikiti, ababa akudula ulusi, shehe atatambasula dzanja. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha.

Mwezi wathunthu tinkagona chipinda chimodzi osalankhulana. A Banaba anasiya kuimba. Anapita okha kwa dona kukamuuza kuti kuyambira tsopano mabisiketi a mnzawo azikhala a majarini. Dona anangokweza mapewa, bwana anadandaula sabata ziwiri kenako anazolowera. Mbale yoyera inatsikira pansi pa sinki. Ramadhani itafika ndinapeza a Banaba ataima pambali pa poto wanga ndi supuni m'manja, akudikira. Ndinawasunthira, analawa, anati mchere wachepa. Tinayambiranso pamenepo.

Lachisanu lina ndinafunsa shehe wa ku komboni, wa kwathu komweko ku Mangochi. Ndinati pali munthu wina amene zamuchitikira zakutizakuti.

"Wodya mosadziwa alibe mlandu," anatero shehe. "Wodyetsa mosadziwa alibenso mlandu. Munthu wakoyo umuuze asiye, apemphe chikhululuko, basi."

"Nanga amene anawadyetsawo, awauze?"

Shehe anandiyang'ana m'maso. "Anthu akewo akuwadziwa ndi iye," anatero.

Ndinkawadziwadi. Munthu amene anasiya bwato kuolera pamchenga chifukwa cha nguluwe ya ulendo umodzi, akanatani ndi pakamwa pake? Pakamwa sungakokere kumtunda. Ndinkadziwa kuti akangomva sadzakweranso pachiunda cha mzikiti kukaitana, ndipo sadzayang'ananso shehe kumaso. Ndinaganiza zokhala chete.

Chitini chachisanu ndi chimodzi chinapita ndi mabisiketi a majarini. Yankho linabwera patapita miyezi itatu: "Talandira. A Shehe akuthokoza. Koma a chaka chino ndi ouma, akufuna mano. Kodi ukudwala?" Ndisanapeze choyankha, nkhondo inakula, msewu wa ku Tete unayamba kuopsa, anthu anasiya kuyenda ndi katundu. Kunena zoona nkhondoyo inandipumitsa. Zitini zinatha, makalata anachepa, ine ndinasanduka mtchona ngati anzanga ambiri.

A Banaba anatsogola kubwerera, zala zitapindika zonse. Ine ndinakhalabe mpaka bwana ndi dona atalongedza kupita kumwera. Anandisiyira thireyi ziwiri zophikira ndi kalata yonena kuti ndine wokhulupirika. Ndinagula njinga, n'kuyamba ulendo wa kwathu.

Pa mlatho wa Mangochi anyamata a chipani anandiimitsa, akuti khadi. Ndinati ndikuchokera kunja. Anati ndiye bwino, mugule la chaka chino ndi la chaka chatha. Ndinagula, poti ndinali nditaphunzira kale kuti munthu wovala yunifolomu sutsutsana naye. Kumudzi ndinapeza amayi atamwalira. Abiti Juma anali ndi imvi, anandilandira bwino koma ngati mlendo wofunika kumuphera nkhuku. Mwana amene ndinamusiya m'mimba ndinamupeza atavinidwa kale, anagwada patali n'kundipatsa moni maso ali pansi.

Ababa anali atatha thupi, mano onse atachoka, koma ankaitanabe. Mawu anali atachepa, sankafikanso pamadzi, ankangokwanira mudzi. Tsiku lachiwiri nditafika anandiyang'ana ndikumasula katundu.

"Zovala waonetsa, njinga waonetsa," anatero. "Nanga manja ako aja?"

Uvuni kunalibe. Ndinatenga mphika waukulu wachitsulo, mchenga pansi pake m'kati, makala pansi, makala ena pa chivundikiro, monga amaphikira chigumu amayi. Ufa wa tirigu ndinkakagula ku boma, khadi m'thumba. Oyamba ndinaphika a majarini ndi jinja. Ababa anatenga limodzi, analiika palilime, anadikira. Kenako analiviika mu tiyi.

"Si aja," anatero.

Ndinayesa mafuta a mtedza, anatuluka olimba oti n'kugendera anyani m'munda. Ndinayesa mafuta a mchira wa nkhosa, anafewa ndithu koma ankanunkha khola, adzukulu awo anaseka mpaka kugubuduka. Ndinachepetsa ufa, ndinaonjezera dzira, ndinathira ufa wa mpunga pang'ono. Mnzanga wina wophika pa hotela ya m'mbali mwa nyanja anandipezera batala, ndinabwera naye pa njinga nditamukulunga m'nsalu yonyowa. Mabisiketi a batala amenewo anali abwino kuposa onse amene ndinaphikapo. Ababa anadya awiri n'kunena kuti, "Awa ndi abwino. Koma si aja."

Otsala ndinkagawira anthu, anthu anayamba kufunsa mtengo, posakhalitsa ndinapezeka ndili ndi basiketi pa msika wa ku boma. Aphunzitsi ankagula, akazi a asilikali ankaitanitsa a ukwati, a chitowe ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Zimenezi ndi zimene zinandiipitsira mbiri kumudzi. Anthu anayamba kunong'ona kuti abwino amagulitsa, bambo ake amawapatsa zinyenyeswa. Mlongo wanga anandinena pamaso, pa chitsime, anthu akumva.

"Achimwene, mafuta a munthu mmodzi wopanda mano angakusaukitseni? Ku Halale munkatha, kuno mwaiwala chiyani?"

Ndinati ufa wa kuno ndi wina. Anandiyankha ndi tsonyo.

Chaka chachitatu ababa anagona. Panalibe matenda oti n'kuwatchula, thupi linangotopa. Phala ankakana, nsomba ankakana. Mlongo wanga akawafunsa chimene akufuna ankati, "Aja a ku Halale. Limodzi lokha." Ankanena tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wobwera kudzazonda ankamva, n'kutembenuka kundiyang'ana ine.

Ndinapalasa njinga kupita ku Malindi. A Banaba ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akuyesa kusoka ukonde ndi zala zawo zopindikazo. Ndinawafotokozera, osati kuti andithandize, kungoti padziko lonse lapansi ndi iwo okha amene ndikanawauza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. M'mawa mwake anabwera ku Lungwena, mdzukulu wawo wamkulu akuwapalasira. Sanalowe m'mudzi. Ananditumira uthenga kuti ndiwapeze pamsewu. M'thumba la chiguduli anali ndi kabotolo ka jamu, m'kati mwake muli mbee.

"Anansi anga anapha nkhumba dzana," anatero. "Munthu akupita, mphwanga. Mupatseni chimene mtima wake ukufuna. Sadziwa. Tchimo lake likhale langa, poti ndinayambitsa ndine."

Ndinayang'ana kabotoloko. Sindinama, ndinakayang'ana nthawi yaitali. Makapu atatu a ufa, dzira limodzi, madzulo omwewo ababa akanamwetulira, mudzi wonse ukanatseka pakamwa.

"Kale ndinkawadyetsa ndisakudziwa," ndinatero. "Lero ndikudziwa."

"Ndiye auzeni zoona, a Shehe. Musafe ndi dzina loipa."

"Munamvapo za bwato lawo?"

A Banaba anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinamva. Amene anabwereka uja anali amalume anga." Anabwezera kabotolo m'thumba, anamanga pakamwa pake, anakwera njinga.

Tsiku limenelo ndinaphika ndi batala wa kwa mnzanga uja, mazira awiri, ufa wosefa kawiri. Ndinasamba ndi madzi a mumtsuko kuti manja azizire. Ndinatengera ababa mabisiketi atatu pambale, ali ofunda. Anali atawagoneka pamphasa pakhonde, mlongo wanga atakhala kumutu akuingitsa ntchentche. Ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga. Anabenthula kachidutswa, anakaika palilime, anadikira monga ankachitira. Kenako anakalavulira m'dzanja.

"Tandiuza," anatero. Mawu ankatuluka movutikira. "Ndikufunsa ndine bambo wako. Mafuta aja unkawatenga kuti? Anali a chiyani? Tituma munthu, ngakhale ku Blantyre."

Munthu amene anandiphunzitsa kufunsa, tsopano anafunsa. Mlongo wanga anasiya kuingitsa ntchentche. Ndinkamva nthiti za ababa zikukwera ndi kutsika pamkono panga.

"Mafuta ake ndi omwewa, ababa," ndinatero. "Ndikungothira ochepa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa chimene ankachidziwa kale.

"Azungu unkawathirira ndi dzanja lonse," anatero. "Ine ukundithirira ndi chala. Chabwino. Ndigoneke."

Ndinawagoneka, anatembenukira kukhoma. Mlongo wanga anandilanda mbale ija n'kukhuthulira nkhuku. Zinandipweteka, sindikana. Awo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza ine.

Lachisanu la sabata imeneyo anapempha kuti awanyamule kupita ku mzikiti. Amuna anayi anawanyamula pamphasa, ine ababa anandikana. Anawaimika pachiunda atawagwira uku ndi uku, anaika zala m'makutu, anaitana. Mawu anali ochepa, osafika ndi kumsewu komwe, koma anamaliza onse osadumpha limodzi. Ine ndinaima kumbuyo kwa anthu ndikumvetsera. Anamwalira Lamulungu m'mawa.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi ndinaphika beseni lathunthu, a jinja, a mtedza ndi a chitowe. A Banaba anabwera, anakhala kumapeto kwa mphasa pamodzi ndi Akhristu anzawo. Shehe wathu wokalamba uja anatenga limodzi, analiviika mu tiyi, anatafuna ndi nkhama.

"Abwino, mwanangu," anatero. "Koma aja ankagawa malemu pa Idi, aja ndiye anali mabisiketi."

A Banaba anayang'ana pansi.

"Aja anali ena, a Shehe," ndinatero, n'kuwaonjezera tiyi.